Kalata Yopanda Chidindo

Tchalitchi cha ku Chinyonga chinali ndi khomo limodzi, belu limodzi ndi mipingo iwiri, ngakhale kuti m'mabuku munalembedwa mpingo umodzi. Wam'mawa unkaimba nyimbo za m'buku, pang'onopang'ono ngati anthu okwera mtunda atasenza thumba la chimanga. Wamasana unali wa achinyamata, ndipo unkaimba ndi magitala awiri, ng'oma zitatu ndi visekese. Pofika chaka cha 1987, am'mawa sankadzaza ngakhale theka la mabenchi, pamene amasana ankasefukira mpaka ena kumaimbira pawindo.

Amene anayambitsa mapemphero amasanawo anali Gervazio, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ankagwira ntchito pa kampani ina yosindikiza mabuku ku Limbe, kumene ankawerenga mapepala asanapite ku makina n'kumachonga zolakwika ndi pensulo yofiira. Agogo ake anadutsa malire kuchokera ku Mutarara, ku Mozambiki, kalekale, azungu asanachoke. Koma zaka zimenezo anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki ankalowa m'dziko tsiku ndi tsiku, ndipo wapolisi akaona dzina ngati Gervazio ankaliwerenga kawiri. Iye ankadziwa zimenezi, choncho khadi la chipani silinkachoka m'thumba la malaya ake.

Mlembi wa mpingowo anali a Laban, bambo a ku Nsanje amene ankakhala ku Mpingwe. Iwo ndi amene ankasunga buku la maminitsi, mapepala a mpingo ndi chidindo. Analinso bambo ake a Hilda, mtsikana wotaipa makalata pa ofesi ina mu Blantyre, amene ankatsogolera nyimbo masana ndipo anali bwenzi la Gervazio. Ankhoswe anali atakumana kale, ndipo ukwati unali woti uchitike mu Disembala.

Nkhani yosamutsa mapemphero amasana inafika pamsonkhano wa mpingo wonse Lamulungu lina la mu Julayi. Anayamba kulankhula anali mai Esnat, mtsogoleri wa chigwirizano cha amayi.

"Ine ndinabwerera masana kudzatenga ambulera yanga imene ndinaiwala," anatero mai Esnat. "Ndinaima pakhomopo n'kudzifunsa kuti kodi ndasochera, ndalowa m'botolo sitolo? Ana aakazi akudumpha, fumbi lili koboo, nsalu ya patebulo la mgonero itapendekeka."

"Ambulerayo munaipeza, mai?" anafunsa bambo wina kumbuyo.

"Ndinaipeza ikuvinitsidwa."

Anthu anaseka, koma mai Esnat sanaseke. Anati magitalawo achoke, apo ayi iwo ndi anzawo azipemphera kunyumba. Ena anati ana akathamangitsidwa m'tchalitchi adzakapezeka kumene kuli botolo sitolo weniweniyo. Abusa Mathias, amene anali atangokhala pampingopo chaka chimodzi ndipo sankakonda mikangano, ankangotembenukira kwa aliyense wolankhula n'kumagwedeza mutu mofanana.

Kenako anaimirira a Laban. Gervazio anawerama, chifukwa ankadziwa kuti apongozi akewo magitala sankawafuna, ndipo anayembekezera mawu owawa.

"Ana awa si adani athu," anatero a Laban. "Vuto lawo ndi limodzi, achuluka. Mphika ukachepa sutaya nyemba, umabwereka wina. Kuseri kwa msika wa Limbe kuli holo ya a Mohamedi imene anthu amachitiramo maukwati Loweruka. Lamulungu imangokhala. Ndalankhula nawo, avomera. Anawa akayeseko masabata atatu, ife kuno tikuganizira. Sabata lachinayi tidzakumanenso, tidzagamule ngati mapemphero amasana asamukire komweko."

Achinyamata anaomba m'manja. Abusa anafunsa ngati panali wotsutsa, ndipo panalibe. Ngakhale mai Esnat anati ku Limbe n'kutali mokwanira. Gervazio anadzitsutsa mumtima chifukwa chowaganizira zoipa apongozi ake.

Panatsala chinthu chimodzi. Masiku amenewo anthu sankasonkhana kunja kwa tchalitchi popanda kalata yopempha chilolezo, yopita kupolisi kudzera kwa tcheyamani wa chipani wa deralo. A Laban anati kalatayo ailemba okha, Gervazio angobwera Lachitatu madzulo kudzasaina.

Gervazio anafika ku Mpingwe dzuwa lisanalowe. Anthu a kuchigwa cha Shire ali ndi mwambo wawo pa mkamwini, ndipo a Laban ankausunga m'tauni monga mmene ankausungira ku Nsanje. Mkamwini sakhala pampando pamaso pa apongozi, sawayang'ana kumaso, ndipo sawafunsa funso. Akakhala ndi funso limadzera kwa nkhoswe. Choncho Gervazio anavula nsapato, nakhala pansi pafupi ndi chitseko, maso ali pa simenti.

Hilda anabweretsa kalatayo, anagwada n'kuipereka pamodzi ndi cholembera. Gervazio anailandira ndi manja awiri. Munthu amene amawerenga mapepala tsiku lonse safuna nthawi yaitali, ndipo iye anaona zonse nthawi imodzi. Pepalalo linali loyera, lopanda mtanda ndi dzina la mpingo pamwamba. Chidindo panalibe. Mawu ake anali akuti: "Ine Gervazio, mtsogoleri wa gulu la achinyamata opemphera, ndikupempha chilolezo choti gulu langa lizisonkhana mu holo ya a Mohamedi Lamulungu lililonse." Dzina la mpingo silinatchulidwe paliponse.

"Pali chovuta, mwana wanga?" anafunsa a Laban.

"Ayi, bambo."

"Ndaona ngati mwakhala chete."

"Ndimayang'ana posaina, bambo."

Anasaina.

Hilda anamuperekeza mpaka pokwerera basi. Ali m'njira Gervazio anafunsa funso limene sakanatha kufunsa m'nyumba muja.

"Bwanji kalata ija ilibe chidindo?"

"Bambo ati adinda mawa asanakapereke," anatero Hilda, akuyang'ana kutsogolo.

"Nanga dzina la mpingo?"

"Chidindocho chili ndi dzina. Iwe Geri, kodi ukufuna uwachonge bambo anga ndi pensulo yako yofiira ija?"

Gervazio anaseka, koma mtima sunakhale pansi. Mawa lake ataweruka anakwera basi ya ku Chirimba kukaonana ndi amalume ake, a Aleck, amene anali nkhoswe yake. Anawapeza akukonza tcheni cha njinga pakhonde, nawafotokozera za kalatayo.

"Ndiye ukufuna chiyani?" anafunsa a Aleck.

"Mukawafunse, amalume."

"Ndikwere basi ziwiri, ndikagwade pamaso pa munthu amene wakhala mlembi wa mpingo iwe usanamere mano, ndikamufunse ngati amadziwa kulemba kalata? Mwana wakupatsa, holo wakupezera. Sukulu yakoyi idzakuonongera ukwati. Gwira apa ndimange."

Gervazio anagwira njingayo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Holo ya a Mohamedi inali nyumba yakale yosungiramo katundu, ya denga lalitali la malata. M'makoma munali mutatsalira timapepala tofiira ndi toyera ta ukwati wa dzulo lake. Lamulungu loyamba kunabwera anthu ambiri kuposa amene ankabwera ku Chinyonga. Kunabwera amayi ogulitsa tomato mumsika, anyamata onyamula katundu ku siteshoni, ndi atsikana ogwira ntchito m'nyumba za amwenye amene ankapuma masana okhaokha. Denga lija linkabweza mawu, moti ng'oma zitatu zinkamveka ngati khumi. Hilda anaimba mpaka mawu anasasa. Lamulungu lachiwiri anthu anakhala ndi pamatumba opanda kanthu chifukwa mabenchi anachepa. Gervazio anayamba kuganiza kuti amalume ake ananena zoona.

Lamulungu lachitatu, nyimbo yomaliza ili mkati, pakhomo panaima bambo wachikulire wovala kofia yoyera, ndi ayufi awiri a chipani a malaya ofiira kumbuyo kwake. Sanasokoneze. Anadikira pemphero lotsekera lithe, kenako bamboyo anakodola Gervazio ndi chala.

"Ndine Hamdani, tcheyamani wa chipani dera lino. Inu ndinu a Gervazio?"

"Ndine, bwana."

"Khadi?"

Gervazio anatulutsa. A Hamdani analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, nalibweza. Kenako anatulutsa pepala lopindidwa m'thumba la jekete.

"Kalata yanuyi ndinailandira, ndipo ndinaisunga osaipititsa, chifukwa ndinaganiza kuti ndi zamasewera a ana. Tsopano ndaona ndi maso kuti si ana. Mpingo wanu dzina lake n'chiyani?"

Gervazio anatchula dzina la mpingo wa ku Chinyonga.

"Pano silikuoneka," anatero a Hamdani, akutambasula kalatayo. Inali yomwe ija, yoyera ngati tsiku limene anaisaina, chidindo palibe. "Pano pakuoneka munthu mmodzi ndi gulu lake. Achimwene, ine za nyimbo zanu sindizidziwa, kwathu kumzikiti kulibe gitala. Koma ndikudziwa kuti mpingo watsopano sumangomera ngati bowa. Boma limayenera kuudziwa. Za a Mboni munazimva?"

"Ndinazimva."

Panalibe amene sanazimve. Anthu ankakumbukirabe mmene boma linaletsera mpingo umenewo, nyumba zotenthedwa ndi mabanja amene anathawa m'dziko.

"Ndiye mundithandize kuti nanenso ndikuthandizeni. Lolemba la sabata lamawa, osati mawali, mundibweretsere kalata ya abusa anu, yachidindo, yonena kuti ndinu awo. Mukabweretsa, nkhani yatha. Mukapanda kubweretsa, iyi ndipita nayo kupolisi mmene ililimu, ndipo kumeneko akayamba ndi kufunsa kuti dzina lanuli ndi la kuti."

Lolemba m'mawa Gervazio anapempha nthawi kuntchito n'kupita kwa abusa Mathias. Abusawo anamumvera chisoni kwambiri, namupatsa tiyi. Anati iwo kalata akhoza kulemba, koma chidindo chimakhala ndi mlembi, ndipo mlembi sadinda kanthu kamene mpingo sunagwirizane. Anati mwamwayi msonkhano uja unali Lamulungu likudzalo, tsiku limodzi lisanafike Lolemba la a Hamdani.

"Mulungu amakonza nthawi zake bwino," anatero abusa.

Gervazio anapitanso ku Chirimba. Ulendo uno a Aleck sanaseke. Anavala jekete n'kukwera basi ziwiri zija, koma anabwerako ndi mawu ochepa: a Laban ati nkhani za mpingo sizikambidwa kunyumba. Hilda sanapezeke sabata lonselo. Ku ofesi kwake ankati watuluka, kapena ali ndi bwana.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza, am'mawa kutsogolo, amasana kumbuyo ndi m'mawindo. Mapemphero atatha, abusa anatsegula msonkhano n'kupempha Gervazio kuti afotokoze. Iye anaimirira, ndipo popeza sakanalankhula ndi apongozi ake mwachindunji, analankhula ndi abusa. Anafotokoza za a Hamdani ndi za Lolemba.

"Chimene ndikupempha n'chochepa," anatero pomaliza. "Mpingo unatituma ku holo kuja. Ulembe kuti unatituma."

"Alembi, tiwerengereni maminitsi," anatero abusa.

A Laban anavala magalasi, natsegula buku, nawerenga mosafulumira. "Mpingo unamva madandaulo a mapemphero amasana. Mpingo unagwirizana kuganizira nkhani yowasamutsa, ndi kudzagamula pakapita masabata atatu." Anatseka bukulo. "Zolembedwa ndi zimenezi. Mpingo unati uganizira. Sunatume munthu."

"Munanena nokha kuti akayese," anatero mtsikana wina pawindo.

"Ndinapereka maganizo, ngati mmene aliyense amaperekera. Kodi abusa anafunsa kuti amene akufuna ana apite aimike manja? Anawerenga manja angati?"

Abusa Mathias anayang'ana patebulo. Manja sanawerengedwe tsiku lija. Iwo anangofunsa ngati panali wotsutsa.

"Ndimvetseni, abale," anapitiriza a Laban, ndipo mawu awo anali achisoni. "Mnyamatayu ndi mwana wa m'nyumba mwanga, nkhaniyi ikundiwawa kuposa nonsenu. Koma kwa tcheyamani kuli kalata. Kalatayo ikuti gulu langa, ndipo pansi pake pali dzina limodzi, losainidwa ndi dzanja lake. Ndi munthu wophunzira, ntchito yake ndi kuwerenga. Sanganene kuti sanaione. Ife tikadinda lero kuti tinamutuma, mawa afunsa kuti mpingo uwu bwanji ukutsegula nthambi mobisa, mopanda dzina. Adzayamba ndi abusa, kenako akulu ampingo, kenako atseka khomo ilo. Ambiri muno tinachokera kumalire. Ndani akufuna kuti ayambe kufufuza kumene agogo athu anabadwira?"

Bambo uja wa nthabwala ya ambulera ankayang'ana zikhadabo zake.

Gervazio anali chiimire. Zoti anene anali nazo, ndipo zinali zazifupi: analemba kalatayo ndani? Anthu onse akumbuyo ankamuyang'ana, kudikira kuti afunse. Koma kufunsa kunali kunena pamaso pa mpingo kuti apongozi ake ndi abodza, ndipo kutsogoloko kunali anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa amene akanaiwala kalatayo nthawi yomweyo n'kumakumbukira mkamwini wamwano mpaka imfa. A Aleck, amene anabwera kudzamvera, anamugwedezera mutu pang'ono kuti asayerekeze.

"Koma njira ilipo," anatero a Laban. "Mpingo sutaya nkhosa. Mnyamatayu aimirire pano, avomere kuti anatsogolera anzake kuchoka mumpingo mwa yekha, alape. Magitala ndi ng'oma zibwere m'chipinda cha akulu ampingo. Mapemphero amasana athe, kuno ndi ku Limbe komwe. Akatero ine ndilemba lero lomwe kuti ndi wathu, anasochera ndipo wabwerera, ali pachilango cha mpingo. Imeneyo ndidinda ndi mtima woyera."

Mai Esnat, amene ankafuna kuti magitala achoke, anaimirira. "Ine ndinati apite kutali, sindinati alape. Walakwa chiyani mwanayu?"

"Mai, muli ndi njira ina yomupulumutsira?" anafunsa a Laban.

Mai Esnat anakhala pansi.

Ulendo uno abusa anawerenga manja, kawiri. Ovota anali okhawo olandira mgonero, ndipo ambiri mwa amasana anali asanafike pamenepo. Maganizo a a Laban anapambana. Abusa anati msonkhano upume pang'ono kuti Gervazio aganize.

Anatuluka n'kukaima kuseri kwa tchalitchi, pafupi ndi mpopi. Kunali dzuwa, ndipo kumsewu wa ku Limbe kunkadutsa malole. Hilda anabwera n'kuima patali pang'ono.

"Lapa, Geri," anatero. "Ndi mawu chabe. Onse akudziwa kuti sunalakwe."

"Onse akudziwa, ndipo aimika manja."

"Akuopa."

"Kalata ija unataipa ndiwe."

"Ndine."

"Unaona kuti ilibe dzina la mpingo."

Hilda anatsegula mpopi, nasamba m'manja mopanda chifukwa, nautseka.

"Ndinaitaipa kawiri," anatero. "Yoyamba inali papepala la mpingo, ndipo inkati mpingo ukupempha chilolezo cha achinyamata ake. Bambo anaiwerenga n'kuing'amba. Anandipatsa pepala loyera n'kundiuza mawu ena."

"Unawafunsa chifukwa chake?"

"Iwe unawafunsa?"

"Ine ndi mkamwini."

"Ine ndi mwana wawo. Ukuganiza kuti kwa ine n'kosavuta?"

"Pabasi paja ndinakufunsa iwe, Hilda. Sindinafunse bambo ako. Unati adinda mawa."

"Ndinkaganiza kuti mwina adinda."

"Unkaganiza choncho?"

Hilda anapukutira manja pachitenje chake. "Ndikanakuuza, ukanakana kupita ku holo, bambo akanadziwa kuti ndaulula, ndipo za Disembala zikanathera pomwepo. Ndinati masabata atatu atha, mpingo uvomera, kalatayo palibe adzaikumbukire. Sindinadziwe kuti tcheyamani abwera."

Belu linalira kuitana anthu kuti alowenso. Gervazio anaganiza za polisi, za funso la dzina lake, za amayi ake amene ankakhala ku Bangula opanda pepala lililonse losonyeza kumene anabadwira. Analowa m'tchalitchi.

Mawu olapira anali atalembedwa kale, ndipo anali otaipidwa. Gervazio sanafune kudziwa kuti anataipidwa liti. Anaima kutsogolo n'kuwerenga momveka bwino, osadumpha liwu: kuti iye, chifukwa cha kudzikuza, anagawa mpingo wa Mulungu, kuti anatengera achinyamata kumalo amene mpingo sunawatume, kuti akupempha chikhululuko. Kumbuyo atsikana ena ankalira. Anyamata oimba ng'oma anazinyamula okha kupita nazo m'chipinda muja, ndipo mmodzi anaponya yake pansi mwamphamvu moti inalira komaliza. Abusa anapemphera. Gervazio anauzidwa kuti miyezi isanu ndi umodzi azikhala pabenchi yakumbuyo, osalandira mgonero.

A Laban analemba kalatayo pamaso pa anthu, napumira pachidindo kuti chinyowe, nadinda. Anaipereka kwa a Aleck, a Aleck n'kuipereka kwa Gervazio.

"Za ukwati sizinasinthe," a Laban anauza a Aleck mokweza kuti ena amve. "Munthu wolapa ndi wabwino kuposa amene sanalakwepo. Tingosuntha tsiku kuti chilango chithe."

Lolemba m'mawa Gervazio anapeza a Hamdani pa shopu yawo yosokera zovala pafupi ndi msika, akudula nsalu ya yunifomu ya sukulu. A Hamdani anapukuta manja, nawerenga kalatayo mpaka pansi.

"Wosochera ndi wobwerera," anatero. "Chabwino. Ine ndimangofuna pepala." Anatulutsa kalata yoyamba ija, naiika pamodzi ndi yatsopanoyo m'kabati. Kenako anaitulutsanso yatsopanoyo n'kuyang'ana dzina la wosaina. "Laban. Ndi aja a magalasi, aatali, olankhula ngati akuwerenga?"

"Ndi omwewo. Ndi amene anabweretsa kalata yoyamba ija."

"Anabwera kawiri," anatero a Hamdani. "Ulendo woyamba anasiya kalata. Ine ndinaiponya m'kabatimu n'kuiwala, chifukwa Lamulungu ndimakhala kumunda ku Chiradzulu, za mu holo sindizimva. Ulendo wachiwiri anabwera Lachisanu, ndikutuluka mumzikiti. Anati, a tcheyamani, gulu lija likukula, ndipo ife a mpingo sitikulidziwa, mukalione anthu ena asanakufunseni kuti munali kuti. Munthu akakuuza choncho pali mboni, sungakhale pansi." Anatenga lumo lake. "Ndimayesa ndi mdani wanu. Lero ndikuona ndi iwo akupulumutsani. Ndi ndani wanu?"

"Ndi apongozi anga."

A Hamdani anamuyang'ana kwa kanthawi, lumo lili m'manja.

"Pitani kuntchito, achimwene, mungachedwe," anatero.

Gervazio anagwira ntchito tsiku lonse. Ataweruka anadutsa pa holo ya a Mohamedi, pamene anyamata ena ankatsitsa matumba a mchere, nakwera basi ya ku Chirimba. A Aleck anali pakhonde, ndipo atamuona anamwetulira.

"Zatha?"

"Zatha. Tcheyamani walandira."

"Takhuta, tithokoze Mulungu. Waona tsopano? Mutu ukawerama sugunda pachitseko. Miyezi isanu ndi umodzi si zaka. Khala pansi, azakhali ako akuphika."

Gervazio anakhala pa njerwa. Anawauza zimene a Hamdani ananena, ndi za kalata yong'ambidwa ija. A Aleck anamvetsera osadula mawu, ndipo kumwetulira kuja kunachoka.

"Zimenezi sindingakazinene kumeneko," anatero potsiriza. "Ukudziwa."

"Ndikudziwa. Sindikukutumani zimenezo. Mukawauze kuti ukwati kulibe."

"Gervazio, nkhoswe sapita chimanjamanja. Akandifunsa chifukwa ndikati chiyani? Mtsikana sanagwidwe ndi mwamuna, iwe sunapeze wina. Ndipo sindingakatukwane mkulu wampingo m'nyumba mwake."

"Musakatukwane. Mukapite ndi ulemu wonse, mukagwade. Mukanene kuti ife a kuchimuna tachita manyazi, sitingalole kuti mwana wa mlembi akwatiwe ndi munthu amene anagawa mpingo."

"Koma sunagawe."

"Ndinavomera dzulo pamaso pa anthu, amalume. Iwo analemba, ndipo anadinda."

A Aleck anaimirira pang'onopang'ono. Kenako anaitana akazi awo m'nyumba n'kuwauza kuti awasitire jekete, chifukwa Loweruka ali ndi ulendo wa ku Mpingwe.